Foni Imene Anandigulira Mkamwini

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale madala anzanga amene timakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi. Iwo amangodziwa kuti ndinali ndi foni yaikulu yonyezimira, ndipo tsiku lina anandiona ndi kafoni kakale kong'aluka galasi. Ena amati anandibera m'minibasi. Ndimawasiya aganize choncho.

Ndimakhala mu komboni ya George, m'chipinda chakutsogolo cha nyumba ya mabuloko imene ndinamanga ndikadali ndi mphamvu. M'zipinda zakumbuyo muli anthu a lendi. Mkazi wanga anamwalira, ndipo mwa ana athu anatsala mmodzi, wamkazi. Moyo wanga wonse wa ntchito ndinali mesenjala pa ofesi ina m'tauni, wonyamula maenvelopu pa njinga kupita nawo kumaofesi ena. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuwerenga, ndipo abwana ankanena pamaso panga kuti n'chifukwa chake amandikhulupirira. Kalata ikakhala m'manja mwanga, iwo ankati, ili ngati m'bokosi lokhoma. Ine ndinkaseka nawo. Kuwerenga ndinaphunzira imvi zitamera kale, m'kalasi la akuluakulu lomwe linkakumana masana m'holo ya tchalitchi. Mpaka lero ndimawerenga chala chili pa mzere, milomo ikugwedera.

Foni yaikuluyo anandigulira mkamwini wanga maliro a mkazi wanga atatha. Ndi munthu wa maminibasi ake ku Mandevu, wovala bwino, wodziwa mwambo kuposa achinyamata ambiri a masiku ano. Sanalowepo m'nyumba mwanga, sanadyepo ine ndikuona. Tsikulo anagwada panja pa khomo, anaomba m'manja, n'kuika kabokosi pa mpando.

"Apongozi," anatero maso ali pansi, "taona kuti munkala mweka maningi. Tabwelesako kafoni, muzikambako na muzukulu wanu."

Anapempha kafoni kanga kamabatani kuti asamutse simu, ndipo anakakhala pansi pa mtengo wa mango atandifulatira, foni yatsopano kudzanja lina, yake kudzanja lina. Anakhalitsa. Ine ndinali m'nyumba, chifukwa kwathu mpongozi sumuimirira pamutu akamagwira ntchito, ndipo chimene wakupatsa suchifunsa mafunso. Atamaliza anaika foni pa mpando pomwe paja, zonse zili m'malo mwake, ine kwanga kungosisita ndi chala.

Foniyo inandisunga, sindinganame. M'mawa anthu a lendi akapita kukasaka maganyu, bwalo limakhala zii, kumangomveka zigubu za amayi opita kukiyosiki ya madzi. Ndinkatulutsa mpando, n'kutsegula pulogalamu yobiriwira ija imene aliyense amagwiritsa ntchito, n'kumamvetsera mawu amene mwana wanga ananditumizira. Kulemba kumandichedwetsa, choncho tinkatumizirana mawu. Mdzukulu wanga wamkazi ankandiimbira nyimbo za kusukulu, mawu ena akulakwitsa. Uthenga umodzi ndinkaubwereza mpaka batire kutha.

Pamwamba pa macheza athu panali kachithunzi ka loko ndi mawu a Chingerezi. Ndinawawerenga ndi chala, koma tanthauzo linandipita, ndiye ndinafunsa mwana wanga.

"Atate, vitanthauza kuti vamene tikamba vimayenda vokhomewa," anandiyankha. "Kulibe angamvele pakati, olo bene bake ba pulogalamu."

"Ndiye kuti ndi mesenjala wosadziwa kuwerenga, ngati ine kale," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsokomola. Kuseka kumeneko ndinakusunga nthawi yaitali.

Pali chinthu chakale chimene ndiyenera kuchitchula, apo ayi zotsatirazi sizimveka. Ukwati wake ukadali watsopano, mwana wanga anabwerapo kunyumba diso litatupa, mlomo utang'ambika. Amayi ake anati asabwererenso. Ine ndinaitana ankhoswe, tinakhala pansi, mkamwini anagwada, anapepesa, anabweretsa nkhuku. Ndinamuuza mwana wanga kuti ukwati ndi kupirira, ndipo ndinamunyamulira ndekha chikwama mpaka pa siteji ya minibasi. Sanalire. Anangondiyang'ana pawindo galimoto ikunyamuka. Kuyambira pamenepo akabwera kudzacheza ankavala malaya a manja aatali ngakhale mu Okutobala, ndipo ine sindinkafunsa.

Chaka chathachi anathawa. Ananditumizira mawu ali wefuwefu, kuti watenga mwana ndi chikwama chimodzi, ali kwa mnzake ku Chawama, nyumba ya geti lofiira kuseri kwa chigayo. Anati ndisauze munthu. Ndinamuyankha kuti nthawi ino sindidzamubweza, ndipo ndinanena ndi mtima wonse.

Sabata isanathe mwamunayo anaimika galimoto pa geti lofiira lija. Anthu a pamenepo anatchinga, mwana wanga anatulukira kumbuyo.

Tinaganiza kuti mnzake uja ndiye analankhula. Anasamukira ku Mtendere, kwa mayi wina wa kutchalitchi kwawo amene mwamunayo sankamudziwa n'komwe. Anandiuzanso malo, chifukwa ndinamuumiriza. Ndinati bambo ayenera kudziwa kumene mwana wake wagona, ndiponso si iwe unati loko uja palibe angamuthyole? Kumenekonso anafika. Ulendo uno anamupeza panjira akuchokera kukatunga madzi, ndipo anamupotokola dzanja mpaka linathyoka anthu asanalanditse.

Uthenga umene unabwera pambuyo pake unali waufupi. Mawu ake anali ouma, opanda misozi, ngati maso aja a pawindo la minibasi.

"Atate, nenze nauza imwe chabe. Imwe chabe. Ngati mufuna kunibweza futi, kambani chabe poyera."

Ndinatumiza mawu ambiri, kulumbira, kutchula amayi ake. Palibe chimene anayankha.

Masiku otsatirawo ndinadana ndi komboni yonse. Makutu anga ndi olemera, ndipo ndinali ndi chizolowezi chotsegula mawu mokweza nditakhala pabwalo. Ndinayamba kukumbukira amene ankachapa pafupi tsiku lakuti, amene ankapalira mapoto kuseri kwa khoma. Mkazi wa mlendi wanga wa chipinda chakumbuyo, amene ankandipatsako ndiwo akaphika, ndinasiya kumuyankha moni. Wa kashopu ka sola kumene timachajitsa mafoni malaiti akapita ndinkamuyang'ana ngati mfiti. Ndinkatseka chitseko masana dzuwa likuswa mtengo, n'kukhala m'chipinda chotentha ndi foni yosalira.

Chimene chinanditsegula maso chinali chaching'ono. Tsiku lina malaiti anapita kuyambira m'mawa, batire inatha, foni inakhala yozima pansi pa pilo mpaka madzulo. Palibe anaigwira. Malaiti atabwera ndinaiyatsa, ndipo ndinapeza uthenga wa mawu wochokera kwa mlembi wa gulu lathu la madala, wonena za maliro. Kachizindikiro kake kanali katasintha kale mtundu, monga kamachitira uthenga ukaumvetsera. Zimenezi ndinali nditazionapo kambirimbiri, koma ndinkati mwina chala changa chakhudza mosadziwa. Tsiku limeneli chala changa chinalibe mlandu.

Kutacha ndinakwera minibasi kupita ku Matero. Mumsika wa kumeneko muli mayi wina wokonza mafoni, wa msinkhu wa mwana wanga kapena kuposerapo pang'ono, amene kabenchi kake kali pakati pa ogulitsa zovala za salaula ndi wometa tsitsi. Ndinasankha iye chifukwa sadziwa aliyense wa kwathu. Ndinamuuza kuti foni yanga imamvetsera yokha mauthenga.

"Ba shikulu, foni ilibe matu," anatero akuseka, akundiitana ngati agogo ake. "Kapena muli na mukazi wamene abisama mu nyumba?"

Koma atasisita kangapo kuseka kunatha. Anatembenuza foni kuti ndione.

"Belengani apa. Apa ni pamene paonekela vipangizo vinangu vamene vinamangiliwa ku macheza yanu. Ichi chilipo ni cha ndani? Chenze chotseguka lelo kuseni."

Ndinaika chala pa mzere. Panali dzina la mtundu wa foni, ndi nthawi ya m'mawa womwewo.

"Ndilibe foni ina," ndinatero.

"Nanga iyi anakukonzelani ndani poyamba?"

Ndinakumbukira tsiku lija. Ndinaona mtengo wa mango, msana wa munthu waulemu, mafoni awiri m'manja. Mayiyo anayang'ananso kwina m'kati, n'kundiuza kuti ngakhale imelo imene foni yonse inatsegulidwira si yanga. Anandiwerengera zilembo zoyamba. Linali dzina lolembedwa kumbuyo kwa maminibasi a ku Mandevu.

Wometa uja anandikokera kampando, ndipo ndinakhala pakati pa tsitsi la anthu lomwe linali mbwee pansi. Ndinamufotokozera mayiyo pang'ono chabe, kuti pali mwana wamkazi amene akubisala, ndi dzanja lothyoka. Anangoti, "Mayo."

"Ndiye loko uja ndi wabodza," ndinatero pambuyo pake.

"Awe, loko ni wa zoona. Panjila kulibe anabelenga. Manje imwe muli na nyumba ya viseko vibili, ndiye kiyi ya chiseko chinangu ili na bapongozi banu. Sanathyole kanthu. Amangena chabe."

Ndinamufunsa ngati pali pulogalamu ina yabwino kuposa yobiriwirayo. Anati zilipo zambiri, ndipo iliyonse imadzitama kuti ndi yachinsinsi. Pali zina zokopera zimene anyamata amapatsirana pamsika, zosintha mitundu ndi kuonetsa mauthenga ofufutidwa. Zimenezo anati ndisaziyandikire, chifukwa palibe amadziwa amene anazisoka ndi zimene anasokereramo. Pali ina imene anthu amaitamanda kwambiri, koma macheza ake wamba sakhomedwa mbali zonse pokhapokha utadziwa posankha. Ndipo panali ina imene iye mwini amagwiritsa ntchito ndi mchemwali wake wa kunja.

Ine za makina sindidziwa, koma za amesenjala ndimadziwa. Choncho ndinafunsa monga mmene abwana akanafunsira polemba munthu ntchito. Mwini wake ndani? Amadya chiyani, popeza ife sitimulipira? Alipo amene anayang'anamo m'chikwama chake?

Mayiyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. Anati yobiriwirayo ndi ya kampani yaikulu imene imalemera ndi kutsatsa malonda, pomwe inayo ndi ya bungwe losafuna phindu, loyendera zopereka za anthu, ndipo kapangidwe kake kali poyera kuti akatswiri ena aliwonse akafufuze. Anawonjezera kuti iye sanafufuzepo yekha, akungonena zimene anawerenga ndi zimene anaona pogwiritsa ntchito. Kuvomera kumeneko kunandichititsa kumukhulupirira.

"Funso lina," ndinatero. "Ine kale sindinkawerenga kalata. Koma ndinkadziwa kuti abwana aang'ono amalembera mayi wina wa ku ofesi ya inshuwalansi Lachisanu lililonse, ndipo yankho likachedwa ankakalipira aliyense. Sindinatsegulepo envelopu, koma nkhani yonse ndinali nayo. Nanga amesenjala anuwa, amakumbukira kuti ndani amalembera ndani?"

"Ba shikulu, imwe munachedwa chabe kubadwa," anatero akuwomba m'manja kamodzi. "Ni pamene pasiyanilana apo. Yobiliwila imasunga vambili va so: manamba, nthawi, foni ya bwanji. Iyi inangu imakamba kuti isunga tung'ono maningi. Futi mungaike kuti mauthenga yazifutika yeka pakapita nthawi."

Kenaka anagogoda foni yanga ndi chikhadabo.

"Koma nisakunamizeni. Nayo ili na chiseko chachibili monga ichi, mufunika kuyanganapo nthawi na nthawi. Ndipo olo niike pulogalamu ya bwanji muli iyi foni, iyi foni ni yao. Siniziba vinangu vamene banaikamo. Mufunika foni inangu, yamene muzatsegula mweka, na nambala yachinsinsi yamene muziba mweka."

Anati angathe kudula chipangizo chinacho pomwepo, koma akangodula mwini wake adziwa kuti ndadziwa. Ndinamuuza kuti adikire. Ndinamupempha chinthu chimodzi, kuti andibwereke foni yake ndiimbire mwana wanga. Nambala ndinaiwerenga ndi chala kuchokera pa foni yaikulu, iye akudina.

Inaitana nthawi yaitali. Atayankha n'kumva mawu anga, ndinamva mpweya wake ukusintha, ndipo ndinadziwa kuti adula.

"Usadule, mama. Usandiuze kumene uli. Ungomvetsera."

Ndinamuuza zonse mwachidule, za mtengo wa mango, za chitseko chachiwiri. Mayi wokonza uja analanda foni n'kumufotokozera m'chilankhulo chawo cha achinyamata, kenaka anandibwezera. Kumbali yake tambala ankalira kutali.

"So simunamuuze," anatero.

"Ndi pakamwa panga ayi. Koma ndine ndinakuumiriza kunena malo."

"Foni yake mukali nayo?"

"Ili m'thumba."

"Ndiye mukali bapongozi bake." Kenaka anati, "Atate, ine nalema. Ngati mwaleka zoona kuimilila chikwati ichi, banthu bazibe. Nizamvela. Ndipo kwamene nili musakanifunse futi, olo pa foni ya bwanji."

Anadula.

Ndinafika kunyumba dzuwa likupendeka. Mkazi wa mlendi wanga anali akuanula zovala, ndipo ndinamupatsa moni ine poyamba. Anadabwa, koma anayankha bwino, ndipo manyazi anandigwira. Ndinalowa m'nyumba n'kutsitsa sutikesi ya malemu mkazi wanga. Pansi pa zitenje zake panali kafoni kamene ankagwiritsa ntchito m'chaka chake chomaliza, kosisita ndithu koma kong'aluka pakona. Ndinakapukuta ndi malaya.

Kubweza mphatso ya mkamwini si nkhani ya foni. Kwathu ndi kunena pamaso pa mabanja awiri kuti ubale watha, ndipo ine ndinali munthu amene madala anzanga ankamutuma kukakonza maukwati a ana awo. Ndinadziwa zimene anganene atamva. Ndinadziwanso kuti mwamunayo si munthu wolandira manyazi mwakachetechete. Koma chimene chinandilemera kwambiri n'chakuti mayi uja anati foni iyenera kufufutidwa yonse isanachoke m'manja mwanga. M'menemo munali mawu onse a chaka ndi miyezi, nyimbo za mdzukulu wanga, ndi kuseka kuja kwa mesenjala wosadziwa kuwerenga.

Ndinakhala pakhomo kuwala kusanathe, foni ili pa khutu, ndi kumvetsera mauthenga umodzi umodzi kuyambira woyamba. Ndinkadziwa kuti munthu wina ku Mandevu anawamvanso onsewa, mwina ine ndisanawamve. Ndinawamvetserabe. Nditafika pa wotsiriza uja wouma sindinaudumphe.

Masiku ano mawu a mwana wanga amabwera pa kafoni ka amayi ake, pa pulogalamu ina ija, mwa apo ndi apo. Ndimawamva kamodzi kapena kawiri, ndipo tsiku likatha amafufutika okha, motero m'mawa bwalo likakhala zii ndilibe chobwereza. Kumene amakhala sindikudziwa. Lamlungu lililonse ndikachoka kutchalitchi ndimatsegula pamalo paja poonekera zipangizo zina, n'kuika chala, n'kuona kuti palibe.

Koma m'mawa wotsatira kumvetsera kuja zonsezi sindinkazidziwa. Ndinasamba, ndinavala jekete la kutchalitchi, n'kutenga mbale ziwiri zoyera za enamelo zimene mkazi wanga ankasungira nkhani za maukwati, zija timatumizira zinthu kwa apongozi, ina pansi ina yovundikira. Ndinapita ku Matero. Mayi uja anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, kenaka anadina, ndipo foni inazima n'kuyakanso ikupereka moni wa Chingerezi ngati sitinaonanepo. Ndinatulutsa simu, n'kumusiyira kafoni ka mkazi wanga kuti akayang'ane. Foni yaikuluyo ndinaiika m'mbale, ndinavundikira ndi inzake, ndi kumanga ndi chitenje.

Ankhoswe a ukwatiwo amakhala ku Matero komweko, kuseri kwa msika, mdala mnzanga amene tinakhala naye pansi tsiku la nkhuku lija. Ndinayenda wapansi mbale zili m'manja. Ndinawapeza akutsuka m'kamwa pabwalo. Ataona chitenje chomanga anamwetulira, poganiza kuti mwana wabwerera kwa mwamuna wake.

"Zabwino zimenezi, achimwene?" anafunsa.

Ndinakhala pa mpando, ndinaika mbale pansi pakati pathu, n'kuzikankhira kwa iwo.

"Mukapereke kwa mwini wake," ndinatero. "Mukamuuze kuti zachokera kwa bambo wa mwana uja. Mawu akuti apongozi musakawatchule."

Anamasula chitenje, n'kutukula mbale yapamwamba.